Thiraki imapita kusevisi, nanga mwini chiwongolero?

Mwezi watha ndidalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Sadafune kuti dzina lawo lituluke m'nyuzi, ndipo ine ndalemekeza zimenezo. Amuna awo amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Durban, ndipo akhala pantchitoyi zaka 11. Mayiwa akuti pomwe ankakwatirana bamboyo ankavala thalauza la saizi 32, lero akuvala 42. Usiku amaliza mkonono mpaka ana kuchipinda china kudzidzimuka, mapazi amatupa, ndipo mankhwala a BP omwe adalandira kuchipatala mu Januwale ali m'kabati, botolo likadali lodzadza. Funso lawo n'lalifupi: "Ndiziwalongezera chiyani akamanyamuka?"

Ndikudziwa kuti sabata yatha ndidalonjeza nkhani ya mitengo ya feteleza. Mundikhululukire, imeneyo idikire kaye. Inenso ndidadya nsima ya msewu umenewu kuyambira mu 1996 mpaka 2013, ndipo nditawerenga kalatayi ndidaona ngati mayiwa akufotokoza za ine ndemwe.

Dalaivala wa thiraki ndi munthu wodziwa kusamala. M'mawa uliwonse asadalize injini amayang'ana oyilo, amayang'ana madzi, amazungulira n'kumamenya tayala lililonse ndi chitsulo kuti amve ngati lili ndi mpweya wokwanira. Kaphokoso kachilendo kakangomveka pansi pa ngolo, amaima pompo n'kukwawira pansi, ngakhale kukugwa mvula. Tsiku la sevisi salidumpha. Koma mumufunse munthu yemweyo kuti adayezetsa liti magazi ake, mudzamva akuti, "Ine sindidwaladwala." Ndidalankhula mawu amenewa kwa zaka zambiri, ndipo ndinkawanena monyadira.

Anthu ambiri amaganiza kuti dalaivala amatopa ndi kuyendetsa. Zoona zake n'zakuti nthawi yambiri imathera kudikira. Kuchoka ku Blantyre kufika pachipata cha Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma ukhoza kufika usana n'kugona pompo poyembekeza mapepala a katundu. Ukaoloka, pali Zobue. Ukatsikira ku Tete, masiku athu tinkafola kuti tioloke Zambezi pamlatho wa Samora Machel, pajatu wa Kassuende udatsegulidwa mu 2014 ine nditapuma kale. Kutsogolo kuli Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge komwe mzere wa mathiraki ndidauonapo utatalika moti kumapeto kwake osaoneka. Pamzere sungachoke kupita kutali. Ukachoka, mzere usuntha ena akudumpha, apo ayi upeza akuba akumasulira mabatire kapena akupopera dizilo. Ndiye umangokhala pampando womwe uja, injini itazima, dzuwa likuwotcha malata.

Munthu wokhala pamzere amadya zimene zabwera pawindo. Zimene zimabwera pawindo tonse tikuzidziwa: tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta omwe adayamba kugwira ntchito dzana, kanyenya wothira mchere wodzadza dzanja, mandasi, soseji, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ku Mozambique uwonjezerapo buledi wawo wokoma uja, ku Joni nkhuku yokazinga ya m'kabokosi. Anzathu a njira ya Dar es Salaam ali ndi chipsi mayai chawo, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Ndipo sikuti umadya chifukwa cha njala ayi. Umadya chifukwa palibe china chochita. Ine ndinkatha kudya kanayi pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndisadayende ndi mapazi ngakhale mtunda wochoka pamsika wa Limbe kufika pa siteji ya minibasi.

Pali chinthu china chimene achinyamata a lero sangachimvetse bwino, koma ife akale tikuchidziwa. M'zaka za m'ma 1990 madalaivala tidatha ngati nkhuku za chitopa. Edzi idatipulula, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, anzathu ambiri tidawaika kale m'manda. Masiku amenewo dalaivala akangotsika thupi pang'ono, anthu ankanong'onezana kumbali. Mkazi wake ankalozedwa zala pachigayo. Tsono mimba idasanduka chikalata chosonyeza kuti uli bwino. Ukafika kumudzi malaya akukanika kumangika, azakhali ankaomba m'manja, amvekere, "Koma ndiye ntchito yakuyanjani, apongozi athu akukusamalani." Tidaphunzira kuopa kuwonda ndi kukonda kunenepa, ndipo phunziro limenelo lidakhazikika m'mutu moti mpaka lero dalaivala akayamba kuchepetsa thupi mwadala, anzake amamufunsa ngati zonse zili bwino.

Mnzanga wina amene tinkayenda limodzi ndiye adandichotsa chimbuuzi m'maso. Tidayamba ntchito chaka chimodzi, tonse tili owonda ngati bango. Edzi idamulambalala, ngozi za pamsewu zidamulambalala, achifwamba adamutchingirapo kamodzi usiku n'kupulumuka. Tsiku lina mwezi wa Okutobala tili pamzere ku Nyamapanda, tidadya limodzi nsima ya masana, iye n'kukwera m'galimoto mwake kuti akagone pang'ono. Mzere utayamba kusuntha, thiraki yake sidasunthe. Ndidapita kukagogoda. Ndidamupeza ali maso, akundiyang'ana, koma pakamwa patapotokera mbali imodzi, malovu akutsika, dzanja lamanja lili lende. Ankayesetsa kunditchula dzina koma mawu osatuluka. Adali ndi zaka 46.

Moyo wake udapulumuka, koma chiwongolero sadachigwirenso. Bwana wathu adatumiza dalaivala wina kudzatenga galimoto tsiku lotsatira, katundu adafika komwe ankapita, ndipo nkhani ya kampani idathera pomwepo. Kunyumba kudatsala mayi ndi ana anayi, woyamba ali Fomu 3. Pambuyo pake mkazi wake adandiuza kuti kuchipatala adamuuzapo zaka ziwiri m'mbuyomo kuti BP yake ndi yokwera. Adamwa mankhwala mwezi umodzi n'kusiya, ati akupeza bwino.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kuthamanga kwa magazi ndi kotero kumene. Munthu amatha kukhala nako zaka osamva kupweteka paliponse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64, mmodzi adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Amenewo ndi Amalawi wamba, kuphatikizapo alimi olima ndi khasu tsiku ndi tsiku. Nanga kuli bwanji munthu wokhala pampando maola 12 akudya za pachiwaya? Nditabwerako ulendo wa ku Nyamapanda uja ndidapita kukayezetsa. Namwino adandiyeza kawiri, n'kundifunsa ngati ndabwera ndekha.

Tsopano ndiyankhe funso lanu, mayi a ku Chirimba.

Choyamba kulongeza si chakudya, ndi botolo lili m'kabatilo. Koma musangoliponya m'chikwama. Popeza bambowo adasiya kumwa kalekale ndipo mapazi akutupa, apite kaye kuchipatala akawaonenso. Kumeneko akanene zoona zokhazokha za ntchito yawo. Ndikudziwa chifukwa chimodzi chimene madalaivala amasiyira mankhwalawa: ena mwa iwo amakodzetsa pafupipafupi, ndipo munthu woyendetsa matani 30 sangamaime paliponse. Zimenezi n'zokambirana ndi adokotala, chifukwa mankhwala a BP alipo amitundu ingapo. Akapemphenso okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, popeza ulendo wa sabata ziwiri umatha kusanduka wa mwezi. Mankhwalawo akhale m'paketi yake ya kuchipatala, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, kuti pachipata pasakhale mafunso. Malo ake ndi pomwe pamakhala pasipoti, chifukwa pasipoti yokha ndiyo dalaivala saiwala. Ngati thumba lilola, kamakina koyezera BP ka mabatire kamapezeka m'mafamase, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa tayala limodzi la thirakiyo. Nambala zikamafika 140 pamwamba kapena 90 pansi mobwerezabwereza, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Za mkonono musazitenge ngati nthabwala. Usiku wina mudzamvetsere. Ngati akuliza mkonono kenako n'kukhala zii ngati asiya kupuma, n'kudzidzimuka mobanika, mukawauze adokotala zimenezo. Munthu wotere amadzuka ali wotopa ngakhale agone usiku wonse, ndipo ndi amene amasinza pachiwongolero dzuwa likuswa mtengo.

Tibwere ku chakudya. Chimene chidandithandiza ine zaka zanga zomalizira ndi kubwerera ku zomwe madalaivala akale ankachita, kudziphikira. Kachitofu ka gasi, mapoto awiri, mthiko, ndi chigubu cha madzi. Mayi akunyumba ankandilongezera ufa wa mgaiwa, usipa kapena matemba ouma, nsinjiro, mtedza wokazinga wopanda mchere, anyezi, ndi mfutso. Mfutso ndi ndiwo ya dalaivala yeniyeni. Sulemera, suwola, sufuna filiji, ndipo ukauviika n'kuuthira nsinjiro, pakangopita mphindi zochepa wadya masamba uli pakati pa tchire la ku Changara. Nyemba n'zabwino koma zimatha gasi, pokhapokha uziviike m'botolo kuyambira m'mawa. Tikakhala atatu kapena anayi pamzere tinkasonkherana, wina ufa, wina ndiwo, wina gasi, ndipo ndalama ya alawansi inkatsalako yogulira ana nsapato. Chenjezo lake ndi lakuti zipata zina, makamaka polowa ku South Africa, salola kulowetsa nyama, zipatso ndi mbewu popanda chilolezo, choncho zotere n'zodyera m'njira zisadafike kumeneko. Komanso chakudya chophikaphika chisagone m'galimoto yotentha. Kutsekula m'mimba uli pamzere wa Beitbridge ndi chilango chimene sindingafunire ngakhale mdani wanga.

Chimandidabwitsa n'chakuti misewu yathu imadutsa m'minda ya zakudya zabwino, koma ife timaimira zolakwika. Pa Mwanza nyengo yake manachesi amachita kutayika. Chigwa cha Zambezi chili ndi masawu ndi malambe. Wochokera ku Lilongwe amadutsa pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, pomwe kabichi, karoti ndi tomato zimachita kukuitana. Wopita kumpoto ali ndi Jenda, ndipo akangooloka Songwe kulowa ku Tanzania, nthochi ndi mapeyala a ku Tukuyu ali mbwee m'mbali mwa msewu. Dalaivala amagula zonsezi matumba, inde, koma zopita nazo kunyumba kapena zokagulitsa. Iye mwini akudya mandasi.

Ena akamva za kuchepetsa thupi amayamba kunyoza nsima. Ine sindili m'gulu limenelo. Mlandu suli pa nsima, uli pa kuchuluka kwa mitanda. Mitanda isanu ndi ya munthu amene wachokera kukapanga mizere kumunda. Amene wakhala pampando tsiku lonse, iwiri yamukwanira, bola ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsimayo. Nsima yambiri masana ndiyonso imabweretsa tulo ta 2 koloko, tija timakugwira utangodutsa Mutoko. Ine ndidazolowera kudya pang'ono masana n'kudzadya bwino ndikaimika galimoto madzulo. Sabata ziwiri zoyambirira m'mimba munkalira ngati mwalowa achule, koma kenako mudazolowera.

Mchere ndiye mdani wobisala. A WHO amati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mchere umene uli kale m'buledi, m'soseji ndi m'timibulu tokometsera ndiwo tija. Ife timathira mchere m'mbale tisadalawe n'komwe. Shuga naye chimodzimodzi. Botolo la theka la lita la zakumwa zambiri zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono 12 kapena kuposerapo, ndipo umenewo ndi mlingo wa tsiku lonse. Ine ndinkamwa mabotolo atatu kuchoka ku Zobue kufika ku Cuchamano, kuwonjezera tiyi wa m'mawa wa masipuni anayi. Tawerengani nokha.

Nkhani ya madzi ndi yochititsa manyazi pang'ono, koma tiinene. Madalaivala ambiri amadzimana madzi dala kuti asamaimeime kukataya madzi. Ku Tete mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, thukuta likutuluka tsiku lonse, munthu wamwa kapu imodzi. Madzulo msana ukuwawa, mutu ukuwawa, ndiye amameza bufeni awiri, mawa awiri ena, mwezi ndi mwezi. Mankhwala opha ululu a mtundu umenewu, akamamwedwa kawirikawiri thupi lili louma, amawononga impso ndipo amakwezanso BP. Impso zikafa, makina osefera magazi m'zipatala za boma ndi owerengeka, anthu amachita kudikirirana ku Queens ndi ku Kamuzu Central. Kusowa madzi ndi masamba komweko ndiko kumabweretsa kudzimbidwa, ndi vuto lija madalaivala sakamba pagulu koma umangoona munthu wayala pilo pampando. Chigubu cha madzi abwino chikhale pafupi ndi dzanja, osati kumbuyo kwa ngolo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi.

Zakumwa zopatsa mphamvu zija zidabwera ine ndili kumapeto kwa ntchito, koma ndikuona achinyamata akuzimwa ngati thobwa. Sizichotsa tulo, zimangokankhira kutsogolo, ndipo tulo tikabwerera timabwera ndi chiwongoladzanja. Wamwa zitini zitatu madzulo, ukaimika galimoto maso ali gwa, mtima ukugunda ngati ng'oma, m'mawa uyambenso ndi chitini china. Kwa munthu wa BP umenewu ndi moto wothira petulo. Mankhwala a tulo ndi kugona basi, ngakhale mphindi 20 pamalo otetezeka.

Nanga zolimbitsa thupi? Ndikamva anthu a m'maofesi akulangiza madalaivala kuti azipita ku jimu ndimangoseka. Jimu yake iti pa Zobue? Chimene dalaivala ali nacho ndi thiraki yakeyo. Ija ya ngolo ziwiri imatalika mamita 22, ndiye ukaizungulira kamodzi wayenda pafupifupi mamita 50. Kuzungulira ka 20 ndi kilomita imodzi. Ka 40 mwachangu ndi pafupifupi theka la ola, ndipo ukachita zimenezo masiku asanu pasabata wakwanitsa mphindi 150 zimene a zaumoyo amalimbikitsa. Galimoto uli nayo pafupi, mzere ukuuona, akuba sangayandikire. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha kusadatenthe, ndipo ngati kuli mdima uvale chovala chonyezimira chija, uyende maso ali kumsewu. Tsiku loyamba kuchita zimenezi pa Mwanza, mnyamata wina wogulitsa mazira adanditsatira maulendo atatu, kenako n'kufunsa mwaulemu, "Bwana, mwataya chiyani? Ndikuthandizeni kufuna." Anzanga adandiseka mwezi wathunthu, ena ankati ndapatsidwa chizimba ndi sing'anga. Pofika chaka chotsatira tinkazungulira anthu atatu. M'zaka ziwiri ndidatsika kuchoka pa makilogalamu 104 kufika 89, ndipo azakhali kumudzi adaitanitsa mayi akunyumba kuseri kukawafunsa chimene chikundidya.

Sindingamalize osanenapo za eni magalimoto, chifukwa si zonse zili m'manja mwa dalaivala ndi mkazi wake. Kampani ina yomwe ndidagwirako inkapereka alawansi ya masiku 10 paulendo umene aliyense ankadziwa kuti umatenga masiku 16. Masiku otsalawo udya chiyani, ngati si mandasi ndi madzi a shuga? Ena amalipira potengera maulendo amene wayenda, kenako n'kumadabwa kuti madalaivala sagona. Galimoto amaiika pa inshuwalansi, katundu pa inshuwalansi, koma kuyezetsa munthu woyendetsayo kamodzi pachaka amati n'kuwononga ndalama. Chonsecho zotheka zilipo. Mu 2005 pachipata cha Mwanza padatsegulidwa kachipatala ka m'kontena kothandiza madalaivala pomwe akudikira mapepala, ndipo ganizo limenelo ndilo lidakula n'kukhala bungwe la North Star Alliance lomwe lidafalitsa tizipatala totere m'misewu ya maiko ambiri a mu Africa. Zidayambira kwathu konkuno. Dalaivala sangasiye galimoto pamzere kukafola kuchipatala cha boma, koma chipatala chikamupeza pamzerepo amalowa.

Pali gulu limodzi limene malangizo anga a kachitofu sakuwathandiza: anzathu oyendetsa mathanki a mafuta ochokera ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Amenewa moto pafupi ndi galimoto ndi choletsedwa, ndipo wopezeka atayatsa chitofu pambali pa malita zikwizikwi a petulo ntchito imathera pomwepo, ngati wapulumuka. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 1,500, kudutsa Chiweta, Mbeya, Iringa ndi phiri la Kitonga, kenako masiku odikira kudepoti. Ine mafuta sindidanyamulepo. Inu achimwene a mathanki, tilembereni kudzera kwa mkonzi mutiuze zimene mumadya m'njira ndi malo amene mumapeza ndiwo zamasamba zophikidwa mwaukhondo, ndidzazisindikiza patsamba lomwe lino. Mayi a ku Chirimba, bambowo akabwerako kuchipatala mudzandilemberenso, mudzandiuze nambala zimene adawapeza nazo.